Chifukwa Chimene Dzuŵa Limaŵalira Popanda Okosijeni: Vuto la Mawu a Sayansi m'Chicheŵa cha ku Mutare

1.0 Mawu Oyamba

M'chikalata chino tifuna kuyankha funso limodzi la sayansi m'Chicheŵa, ndipo poliyankha tifuna kuona pamene chinenero chathu chili ndi mawu okwanira, pamene mawu athu angasokeretse wophunzira, ndi pamene tiyenera kubwereka. Funsolo tidalimva ku Sakubva, mumzinda wa Mutare, kuchokera kwa mtsikana wa sukulu ya sekondale amene agogo ake adachokera ku Malaŵi. Kusukulu adaphunzira m'Chingerezi kuti moto suyaka popanda okosijeni, ndiponso kuti kutali kumwamba kulibe mpweya. Kunyumba agogo ake adamuuza kuti dzuŵa ndi chimoto chachikulu. Tsono iye adatifunsa kuti: "Ngati aphunzitsi akunena zoona, nanga moto wa dzuŵawo ulekeranji kuzima?"

Funso lotere likafunsidwa ku Mutare lili ndi kulemera kwake. Mzinda uwu, umene unkatchedwa Umtali kufikira chaka cha 1982, udalandira anthu ambiri ochokera ku Nyasaland, kum'maŵa kwa Northern Rhodesia ndi ku Tete, amene adadza kudzagwira ntchito panjanji yochokera ku Beira, m'migodi ya golide ya ku Penhalonga, m'minda ndi m'nyumba za Azungu. Zidzukulu zawo zimakula ndi zinenero zitatu: Chicheŵa cha agogo, Chishona cha Amanyika chimene amaseŵerera ndi anzawo, ndi Chingerezi cha m'kalasi. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a chaka cha 2013, m'ndime yachisanu ndi chimodzi, adaika Chicheŵa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka, nalamula Boma kuti lizitukula zinenerozo. Komatu lamulo palokha silipatsa chinenero mawu. Mwana akaona kuti Chicheŵa chimakwanira pa maliro ndi pa gule wamkulu pokha, ndipo kuti nkhani ya dzuŵa imafuna Chingerezi, adzachisiya pakhomo pa agogo. Chifukwa chake tiyesa kulongosola nkhani yonseyi m'chinenero chathu, kenaka tidzabwerera ku mawu amene tagwiritsa ntchito kuti tiŵayese.

2.0 Moto Monga Tiudziŵira

Makolo athu sadadziŵe dzina lakuti okosijeni, koma ubale wa moto ndi mpweya ankaudziŵa bwino lomwe. Mayi akafuna kuti moto ukolere amauuzira kapena kuukupiza. Wosula makasu amavukuta mvukuto kuti makala a m'ng'anjo atenthe koposa. Wootcha makala amakwirira mitengo ndi dothi, nasiya timipata tochepa, pakuti adziŵa kuti mpweya ukachuluka adzapeza phulusa lokhalokha, ndipo ukasoŵeratu uvuni wake udzazima. Nawo mwambi wakuti moto umapita kumene kwatsala tchire utikumbutsa kuti moto sukhala wopanda chakudya chake.

Asayansi adangoonjeza pa nzeru imeneyi dzina ndi muyeso. Carl Wilhelm Scheele wa ku Sweden ndi Joseph Priestley wa ku England, aliyense payekha, adapatula mpweya woyatsa moto m'zaka za m'ma 1770, ndipo Antoine Lavoisier wa ku France ndiye adaupatsa dzina, nalongosola kuti kuyaka ndiko kugwirana kwa chinthu ndi okosijeni. Pa magawo 100 a mpweya umene timapuma, magawo 21 ndi okosijeni. Makala akamayaka, atomu imodzi ya kaboni imagwirana ndi maatomu aŵiri a okosijeni. Mwa kulemera, makilogalamu 12 a kaboni amafuna makilogalamu 32 a okosijeni, ndipo zimatuluka ndi makilogalamu 44 a mpweya umene m'mabuku a sukulu timautcha woipa.

Chofunika kuchigwiritsa pano ndi ichi. Atomu ili ndi mbali ziŵiri: pakati pali kanjere kolemera, ndipo kunja kuli timaelekitironi topepuka. Pamene chinthu chiyaka, maatomu amagwirana ndi mbali yakunja yokhayo. Njere sizikhudzidwa konse. Kaboni amakhalabe kaboni, okosijeni nakhalabe okosijeni. Chimasintha ndi kakhalidwe kawo kokha, monga anthu amene asamuka midzi koma mitundu yawo ili chikhalire.

3.0 Chifukwa Chimene Dzuŵa Silingakhale Moto

Tiyambe tayerekeza kuti agogo aja adanena zoona, ndipo dzuŵa lonse ndi mulu wa malasha onga a ku Hwange. Dzuŵa limalemera kuŵirikiza dziko lapansi ka 333,000, kotero muluwo ungakhale waukulu zedi. Komabe tikaŵerengera mphamvu imene dzuŵa limatulutsa pa sekondi iliyonse, tipeza kuti malasha onsewo angathe m'zaka pafupifupi 5,000, ngakhale titaŵapatsa okosijeni yense amene angafune. Koma dzuŵa lakhala likuŵala kwa zaka pafupifupi 4.6 biliyoni. Motero vuto si kusoŵa kwa okosijeni kokha ayi. Ngakhale mlengalenga monse mukadadzaza okosijeni, palibe moto umene ukadakhalitsa chotero.

Akatswiri a zaka za m'ma 1800 adaliona vuto limeneli. Mu 1854 Hermann von Helmholtz adapereka ganizo lakuti dzuŵa limatentha chifukwa chakuti likudzipanikiza lokha pang'onopang'ono ndi kulemera kwake, ndipo Lord Kelvin adalitukula ganizolo. Njira imeneyi ikadapatsa dzuŵa moyo wa zaka mamiliyoni makumi angapo, zimene zidali zochuluka poyerekeza ndi malasha, koma zochepa kwa ophunzira za miyala amene ankaona kuti dziko ndi lakale koposa apo.

Yankho lidadza pang'onopang'ono. Pa kadamsana wa pa 18 Ogasiti 1868, Jules Janssen adayesa kuŵala kwa m'mphepete mwa dzuŵa ali ku Guntur m'dziko la India, ndipo m'chaka chomwecho Norman Lockyer wa ku England adaona m'kuŵalako mzere wachikasu wosagwirizana ndi chinthu chilichonse chodziŵika padziko. Chinthu chatsopanocho chidatchedwa hiliyamu, kuchokera ku dzina la dzuŵa m'Chigiriki, ndipo padziko pano adachipeza ndi William Ramsay mu 1895. Mu 1905 Albert Einstein adasonyeza kuti kulemera kwa chinthu kungasanduke mphamvu, ndi kuti kulemera kochepetsetsa kumabala mphamvu yosaneneka. Mu 1920 Francis Aston, ku Cambridge, adapeza kuti atomu imodzi ya hiliyamu imapepuka pang'ono poiyerekeza ndi maatomu anayi a haidirojeni. Chaka chomwecho, pa msonkhano wa ku Cardiff, Arthur Eddington adalumikiza mfundo ziŵirizi, nati kulemera kosoŵako ndiko kungakhale gwero la mphamvu ya nyenyezi. Mu 1925 Cecilia Payne, ku Harvard, adapeza kuti nyenyezi zadzaza ndi haidirojeni ndi hiliyamu. Potsiriza Hans Bethe mu 1939 adalongosola tsatanetsatane wa zochitika m'kati mwa nyenyezi, ndipo adalandirira mphotho ya Nobel mu 1967.

4.0 Zimene Zimachitika m'Mtima mwa Dzuŵa

Mwa kulemera, pafupifupi magawo atatu mwa anayi a dzuŵa ndi haidirojeni, ndipo pafupifupi gawo lonse lotsala ndi hiliyamu. Okosijeni alimo ndithu, koma sakwana ngakhale gawo limodzi pa magawo 100.

Popeza dzuŵa ndi lolemera kwambiri, mbali zake zonse zimakokedwera pakati, ndipo zapakatizo zimapanikizika koopsa. Kumeneko kutentha kumafika madigiri 15 miliyoni, ndipo zinthu zathinana kotero kuti muyeso wa lita imodzi ungalemere makilogalamu pafupifupi 150. Pa kutentha kotere maatomu sakhala athunthu: maelekitironi amayoyoka, njere nizitsala zamaliseche, zikuthamanga ndi kugundana. Apa tiona kuti kuyaka sikungatheke n'komwe m'malo otere, pakuti mbali yakunja ija, imene maatomu amagwirana nayo poyaka, yachoka.

Njere ya haidirojeni ndi pulotoni imodzi yokha. Mapulotoni onse ali ndi mphamvu ya magetsi ya mtundu umodzi, ndipo chifukwa cha ichi amakankhana. Ngakhale kutentha kwa madigiri 15 miliyoni sikukwanira pakokha kugonjetsa kukankhanako. Koma George Gamow mu 1928 adasonyeza kuti tinthu tating'ono chotere nthaŵi zina timapyola chotchinga chimene mphamvu yawo siikadatha kuchilumpha. Zimenezi zimachitika mwa kamodzikamodzi, kotero kuti pulotoni imodzi ingadikire zaka mabiliyoni isanapeze inzake yophatikana nayo. Zikachitika, ndondomeko yake imayenda motere:

(a) Mapulotoni aŵiri amaphatikana, imodzi nisanduka nyutironi. Pamenepo pabadwa njere ya haidirojeni wolemera, ndipo kanthu kena kopepukitsitsa kotchedwa nyutirino kamathaŵa.

(b) Njere ya haidirojeni wolemerayo imalandira pulotoni ina, nisanduka njere ya hiliyamu wopepuka. Apa pamatuluka cheza champhamvu.

(c) Njere ziŵiri za hiliyamu wopepuka zimaphatikana, nizibala njere imodzi ya hiliyamu weniweni, ya mapulotoni aŵiri ndi manyutironi aŵiri. Mapulotoni aŵiri otsala amabwerera m'gulu.

Tikaonkhetsa, njere zinayi za haidirojeni zasanduka njere imodzi ya hiliyamu, ndipo magawo 7 pa magawo 1,000 a kulemera kwake asanduka mphamvu. Pa sekondi iliyonse dzuŵa limasandutsa matani pafupifupi 600 miliyoni a haidirojeni, ndipo mwa amenewo matani pafupifupi 4 miliyoni amasanduka kuŵala ndi kutentha. Galamu imodzi ya haidirojeni ikasanduka hiliyamu imatulutsa mphamvu yofanana ndi ya matani 20 a makala, ndiwo matumba 400 a makilogalamu 50. Ndicho chifukwa chake dzuŵa lakhalitsa, ndipo lidakali ndi haidirojeni wokwanira zaka zina pafupifupi 5 biliyoni.

Wina angafunse kuti bwanji dzuŵa siliphulika lonse kamodzi. Limadziletsa lokha. Kuphatikana kukafulumira, mtima wa dzuŵa umatentha koposa nufufuma. Ukafufuma umazizirako, ndipo kuphatikana kumachepa. Kulemera kukokera m'kati, kutentha kukankhira kunja, ndipo ziŵirizi zimalingana. Kunena zoona, mbali ya mtima wa dzuŵa yaikulu ngati dzala la manyoŵa imatulutsa kutentha kosasiyana kwenikweni ndi kwa dzala la manyoŵa limene likuola. Dzuŵa limaopsa chifukwa cha ukulu wake.

Umboni wa zonsezi ndi manyutirino aja, amene amapyola dzuŵa ndi dziko lomwe osaimitsidwa. Pa sekondi iliyonse oposa 60 biliyoni amapyola malo aakulu ngati chikhadabo cha munthu. Poŵafuna asayansi amatsikira m'migodi, kumene miyala imatchinga cheza china chosokoneza. Mu 1965 Frederick Reines ndi Friedel Sellschop adagwira manyutirino obadwira mumpweya wa dziko lathu ali m'mgodi wa golide wa East Rand Proprietary Mines ku Boksburg, kuya kopitirira makilomita atatu, m'dera lomwelo la migodi kumene amuna ambiri a ku Malaŵi ankapita pa Wenela. A kudzuŵa enieni adayamba kuŵasaka ndi Raymond Davis m'mgodi wa Homestake ku South Dakota, natulutsa zopeza zake zoyamba mu 1968. Iye adapeza ochepa kuposa amene ankayembekezeka, ndipo chinsinsi chake chidaululika mu 2001 ku Sudbury m'dziko la Canada, pamene kudadziŵika kuti manyutirino amasintha mtundu ali paulendo. Mu 2014 makina a Borexino ku Gran Sasso m'dziko la Italy adagwira manyutirino ochokera pa sitepe (a) yeniyeniyo.

5.0 Mmene Kuŵala Kumatifikira

Mphamvu yobadwira m'mtima mwa dzuŵa imatenga zaka zikwizikwi ikugundagunda m'kati isanafike pamwamba. Pamwambapo kutentha kuli madigiri pafupifupi 5,500, ndipo chinthu chilichonse chotentha chotero chimaŵala. Chitsulo chimene wosula wachitulutsa m'ng'anjo chimafiira nichiŵala, chikhalirecho sichikuyaka. Kawaya ka m'babu lakale la magetsi kamaŵala m'galasi lotsekedwa lopanda okosijeni. Galasilo likang'aluka, okosijeni naloŵa, kawayako kamapserera nthaŵi yomweyo. Apa okosijeni ndiye mdani wa kuŵala.

Kuchoka padzuŵa kufika kuno pali makilomita pafupifupi 150 miliyoni, ndipo kuŵala kumayenda mtunda umenewo m'mphindi 8 ndi masekondi 20. Mawu amafuna mpweya, madzi kapena chinthu china chowanyamula, koma cheza sichifuna chonyamulira. Mpweya wathu ndi wochepa: pa makilomita 100 kupita kumwamba, mtunda wosakwana theka la ulendo wochoka ku Mutare kupita ku Harare, watsala pang'ono kutheratu. N'chifukwa chake zombo zopita kumwezi zimanyamula okosijeni wakewake, pakuti injini zake zimayaka moto weniweni.

Tionjezepo mfundo imodzi imene imatembenuza funso la mtsikana uja. Okosijeni amene timapuma amatulutsidwa ndi zomera, zimene zimaswa madzi pogwiritsa ntchito kuŵala kwa dzuŵa, ndipo nkhuni zimene timasonkha zidakula ndi kuŵala komweko. Kotero moto wa pamafuwa ndiwo udalira dzuŵa, pa nkhuni ndi pa okosijeni pomwe.

6.0 Kuyesa Mawu Athu

6.1 Dzina la dzuŵa. Pa dzina lenilenilo palibe vuto. Chicheŵa, chimene Malcolm Guthrie adachiika m'chigawo N, ndi Chishona cha m'chigawo S, zidalandira tsinde limodzi kwa makolo: ife timati dzuŵa, Ashona amati zuva, Atonga izuba, Ayao lyuŵa, Aswahili jua. Mwana wa ku Sakubva sasokonezeka apa.

6.2 Aneni a moto ndi kuŵala. Taonani ziganizo izi:

(1) Moto ukuyaka.
(2) Nyumba yapsa.
(3) Nkhuni zanyeka.
(4) Dzuŵa likuŵala.
(5) Dzuŵa likutentha.
(6) Dzuŵa laswa mtengo.
(7) ?Dzuŵa likuyaka.

Ziganizo (1) mpaka (6) n'zachibadwa kwa Mcheŵa aliyense. Chiganizo (7) chimamveka chachilendo, monga mawu otanthauziridwa kuchokera ku chinenero china. Dzuŵa limatuluka, limafika paliwombo, limapendeka, limaloŵa, koma pa kalankhulidwe ka masiku onse sitinena kuti layaka m'maŵa kapena kuti lazima madzulo. Ngakhale pa kadamsana wa pa 21 Juni 2001, pamene mdima udagwa masana ku Lusaka ndi kumpoto kwa Zimbabwe, ndipo ku Mutare dzuŵa lidabisika mbali yaikulu, chinenero chidali ndi dzina lakelake la chochitikacho, losakhudza moto. Tiona tsono kuti Chicheŵa chidasiyanitsa kale kuŵala ndi kuyaka, ndipo mphunzitsi ayenera kumanga pa kusiyanitsa kumeneku. Anzathu a Chingerezi ali pamavuto oposa athu, pakuti akatswiri awo a nyenyezi mpaka lero amatchula kusanduka kwa haidirojeni ndi mneni yemweyo wa kuyaka kwa nkhuni.

Komabe pali mipata iŵiri imene chisokonezo chimaloŵera. Woyamba ndi mneni kuotha: timaotha moto, timaotheranso dzuŵa, ndipo thupi limamva chimodzimodzi. Wachiŵiri ndi kukula kwa tanthauzo la kuyaka chifikire magetsi. Lero timati getsi layaka, wailesi yayaka, ngakhale mulibe laŵi. Kuyaka tsono kuli ndi matanthauzo aŵiri: kunyeka ndi malaŵi, ndi kuyamba kugwira ntchito. M'buku la sayansi tiyenera kusunga kuyaka pa tanthauzo loyambalo, ndipo pamene pangakhale chikayiko tiziti kuyaka moto.

Ku Mutare kuli msampha wachitatu. M'Chishona mneni kupenya amatanthauza kuŵala, pamene m'Chicheŵa kupenya ndiko kuona ndi maso. Aneni ena amagwirizana bwino, monga kutsva ndi kupsa, kudzima ndi kuzima, koma uyu yekha wolemba mabuku a ana a ku Zimbabwe amuchenjerere.

6.3 Mpweya. Dzina ili tidalisenzetsa katundu wambiri. Limatanthauza chimene timapuma, chimene chili m'tayala, chimene wodwala amalandira kuchipatala, ndi chimene ena amaphikira. Nalo dzina la Chishona mweya lili ndi katundu woposa, pakuti limatanthauzanso mzimu. M'mabuku a sukulu okosijeni amatchedwa kaŵirikaŵiri mpweya wabwino. Dzina limeneli lithandiza pa phunziro la zaumoyo, koma pa nkhani yathu lisokeretsa. Tikati m'dzuŵa muli mpweya wa haidirojeni, mwana amamva kuti muli chopuma, ndipo funso lake limabwerera pomwe lidayambira. Tikati mpweya wabwino, timabisa zakuti okosijeni ndiye amachititsa dzimbiri ndi kukolezera moto wolusa.

Apa ife tiona kuti kubwereka ndiko kwabwino. Dzina limene Lavoisier adapeka limatanthauza chobala asidi, chifukwa iye ankakhulupirira kuti asidi aliyense ali ndi okosijeni. Humphry Davy adasonyeza mu 1810 kuti si choncho, koma dzinalo lidakhalabe, ndipo silisokeretsa munthu popeza tanthauzo lake la Chigiriki silimveka kwa olitchula. Dzina lobwereka limafika lopanda katundu, ndipo mphunzitsi amaliika tanthauzo limene afuna. Maina okosijeni, haidirojeni ndi hiliyamu akhazikika mosavuta m'gulu la shuga, sopo ndi petulo: timati okosijeni watha monga timati shuga watha.

6.4 Mlengalenga. Dzina ili limatchula malo a mbalame ndi mitambo, ndiponso malo a mwezi ndi nyenyezi. Koma funso lathu lonse lagona pa kusiyana kwa malo aŵiriwo. Tipempha kuti tiziti mlengalenga wampweya ponena za pafupi, ndi mlengalenga wopanda mpweya ponena za kutali. Mawu aŵa ndi aataliko, koma amadzifotokoza okha.

6.5 Njere ndi mtima. Pakati pa atomu tapatcha njere, potsata chipatso chimene chili ndi mnofu kunja ndi cholimba m'kati. Pakati pa dzuŵa tapatcha mtima, monga timanenera mtima wa mtengo. Tidaganizirapo dzina lakuti phata, koma phata lili kunsi kwa chinthu, osati pakati pake. Kugwiritsa ntchito maina aŵiri osiyana kutithandiza kupeŵa chiganizo chonga chakuti mitima imaphatikana m'mtima.

6.6 Dzina la chochitikacho. Tidayesa aneni asanu. Kusakaniza sikukwanira, pakuti mpunga ndi nyemba zosakanizidwa zingasankhidwenso. Kulumikizana kumasiya zinthu ziŵiri zikuonekabe, monga zingwe zomangidwa mfundo, ndipo kuyenera bwino pa kugwirana kwa maatomu poyaka. Kusungunuka kumanena za mafuta ndi mtovu. Kugundana kumatchula chiyambi chokha. Tatsala ndi kuphatikana, kumene kuli mumsintho wochitana, ndipo kumasonyeza ziŵiri zikukhala chimodzi popanda wina wozichititsa. Kuchokera kwa mneni ameneyu tingaumbe dzina lakuti mphatikano, potsata njira imene idatipatsa msonkhano, mkangano, mgwirizano ndi mpikisano. Motero tingati mphatikano wa njere za maatomu. Pofuna kutsindika kuti chotulukacho ndi chinthu chatsopano, mneni kusanduka ali pafupi, ndipo Mcheŵa amamumva mwamphamvu: haidirojeni amasanduka hiliyamu.

Dzina limeneli litithandizanso kusiyanitsa zinthu ziŵiri zimene mawu obwereka akuti nyukiliya amaziphimba pamodzi. Yureniyamu, wonga wa mgodi wa Kayelekera ku Karonga umene udatsegulidwa mu 2009, amapereka mphamvu njere zake zolemera zikasweka, ndipo ndiyo njira imene idayamba kupanga magetsi ku Koeberg pafupi ndi Cape Town mu 1984. Kumeneko ndi kusweka kwa njere. Kudzuŵa njere zopepuka zimaphatikana.

7.0 Ndime Yoyesera

Mawu amayesedwa m'chiganizo. Nayi ndime imene tiganiza kuti ingaloŵe m'buku la ana a sekondale, ndipo ndiyo yankho lathu kwa mtsikana uja:

Dzuŵa si moto. Moto umayaka pamene nkhuni kapena makala agwirana ndi okosijeni, ndipo okosijeni akatha motowo umazima. Dzuŵa ndi chimpira chachikulu cha haidirojeni ndi hiliyamu. Chifukwa cha kulemera kwake, mtima wake ndi wopanikizika ndi wotentha koopsa, kotero kuti njere za haidirojeni zimaphatikana nizisanduka hiliyamu. Pa mphatikano umenewu kulemera pang'ono kumasanduka mphamvu. Mphamvuyo imatenthetsa dzuŵa lonse, ndipo limaŵala monga chimaŵalira chitsulo chochokera m'ng'anjo. Cheza chake chimadutsa mlengalenga wopanda mpweya nichitifika m'mphindi zisanu ndi zitatu.

M'ndime imeneyi mawu obwereka a sayansi ndi atatu okha: okosijeni, haidirojeni ndi hiliyamu, ndipo onsewo ndi maina a zinthu. Aneni onse, amene ndiwo asenza kulongosola, ndi a Chicheŵa.

8.0 Mawu Otsiriza

Ntchito yosonkhanitsa mawu a chinenero chathu ndi yakale. Johannes Rebmann adalemba dikishonale yake imene idasindikizidwa mu 1877, David Clement Scott natulutsa ya Chimang'anja mu 1892. Bungwe la Chichewa Board lidakhazikitsidwa mu 1972, ndipo Centre for Language Studies ya ku Zomba, imene idaloŵa m'malo mwake mu 1996, idatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000. Kuno ku Zimbabwe Herbert Chimhundu ndi anzake adatulutsa Duramazwi reChiShona mu 1996. Maziko alipo, ndipo pa zimene taona m'chikalata chino tipereka mfundo zinayi kuti msonkhano uzikambirane.

Choyamba, maina a zinthu zoyambira monga okosijeni abwerekedwe ndi kulembedwa m'kalembedwe kathu, koma zochitika zitchulidwe ndi aneni athu. Chachiŵiri, tisanapeke dzina latsopano tiyambe tafufuza kusiyanitsa kumene chinenero chili nako kale, monga kwa kuŵala ndi kuyaka. Chachitatu, dzina lililonse loperekedwa liyesedwe m'ndime yathunthu pamaso pa ana ndi aphunzitsi, pakuti mndandanda wa mawu paokha suonetsa ngati mawuwo agwira ntchito. Chachinayi, popeza Chicheŵa chimalankhulidwa ku Malaŵi, ku Zambia, ku Mozambique ndi ku Zimbabwe, akatswiri a maiko anayiŵa agwirizane pa mawu amodzi, ndipo a ku Zimbabwe aonjezepo kuyerekeza ndi Chishona, kuti mwana wa ku Chipata, wa ku Angónia, wa ku Dedza ndi wa ku Sakubva aŵerenge buku limodzi.

Mawu akuti mphatikano, njere ndi mlengalenga wopanda mpweya taŵapereka kuti ayesedwe. Amene ali ndi abwino koposa aŵabweretse, ndipo tidzaŵaika m'ndime yomweyi ya m'gawo 7.0 kuti tione ngati mwana adzamva.